Kuboola zeolite ndi soda: momwe mungakonzere chonyamulira catalyst chokhala ndi mabowo aang'ono, apakati ndi aakulu

Ufa wa ZSM-5, mtundu wa zeolite (chida cha silikoni, aluminiyamu ndi okosijeni chodzaza ndi timabowo), ukakhala m'botolo simungausiyanitse ndi ufa woyera wa kuchigayo. Koma galamu imodzi yokha, kaufa kosadzaza n'komwe supuni ya tiyi, ili ndi makoma amkati okwana masikweya mita pafupifupi 400, kungotsala pang'ono kufanana ndi bwalo la ntchemberembaye. Pafupifupi makoma onsewo ali m'timabowo ta nanomita 0.55 m'mimba mwake (nanomita ndi gawo limodzi mwa miliyoni la milimita). N'chifukwa chake zeolite imeneyi, imene Robert Argauer ndi George Landolt a kampani ya Mobil anailembetsa mu 1972, imakondedwa ndi anthu okonza catalyst, chinthu chofulumizitsa kusintha kwa makemikolo chosatha nawo limodzi. Iyo payokha ili ndi asidi wofulumizitsa kusintha kwa makemikolo, komanso mukhoza kumwazapo chitsulo monga nickel kapena platinum kuti kachitsulo kochepa kagwire ntchito yaikulu.

Vuto lake ndi timabowo tomweto. Ganizirani msika wa mabenchi zikwizikwi koma tinjira take tonse n'toti munthu amadutsa chammbali. Wa wilibala salowa. Ogulitsa a kukhomo ndiwo amaona makasitomala, a pakati amangowodzera, ndipo wina akagwetsa thumba pakhomo kanjira konse katsekeka. Zimachitikanso chimodzimodzi m'kambewu ka zeolite: mamolekyu aakulu amatsakamira kunja, aang'ono amalowa koma amachedwa kutuluka, ndipo akachedwa amasanduka mwaye wakuda umene anzathu amati coke. Ernest Thiele anaika nkhaniyi m'masamu mu 1939, ndipo chofunika kukumbukira n'chakuti nthawi imene molekyu imatha ikuyenda m'kabowo imakula ngati kutalika kwa njirayo kuchulukitsa ndi kutalika komweko. Mukadula njira pakati, nthawi imatsika kanayi.

Bungwe la IUPAC limagawa mabowo patatu. Osafika mananomita 2 ndi micropores, amene pano ndiziti timabowo. Kuyambira 2 mpaka 50 ndi mesopores, mabowo apakati. Opitirira 50 ndi macropores, mabowo aakulu. Zida za mabowo apakati okhaokha zilipo, monga MCM-41 ya mu 1992 ndi SBA-15 imene gulu la Galen Stucky ku Santa Barbara linatulutsa mu 1998, koma makoma ake sali m'ndondomeko ngati a zeolite, asidi wake ndi wofooka, ndipo nthunzi yotentha imaziwononga msanga. Ndiye nzeru ndi yotenga zeolite yeniyeni n'kulambulamo misewu. Njira imene ndikufotokoza pano ndi imodzi mwa zotsika mtengo kwambiri: kusungunula silikoni wina ndi soda wa caustic, yemwe uja amapangira sopo. Masaru Ogura ndi anzake ku Japan anaionetsa mu 2000, kenako Johan Groen, Jacob Moulijn ndi Javier Pérez-Ramírez anaipeza miyeso yake yoyenera m'zaka zotsatira.

Dziwiranitu kuti msewu uliwonse umene mulambule mukuugula ndi mabenchi. Timabowo tina tiwonongeka, asidi wina atayika. Ntchito yonseyi ndi yoonetsetsa kuti zimene mwapeza zikuposa zimene mwataya, ndipo simungadziwe popanda ufa woyambirira woyerekezera nawo.

Poyamba: werengani bwino pepala la pabotolo

Apa ndi pamene ambiri amagwera, soda asanasungunule n'komwe. Njirayi imayenda bwino pa ZSM-5 imene ili ndi maatomu a silikoni 25 mpaka 50 pa atomu imodzi ya aluminiyamu, muyeso umene timati Si/Al. Aluminiyamu ndiye mlonda wa makoma: pamene pali iye, soda amalephera kukokolola silikoni woyandikana naye. Akachuluka, tinene Si/Al ya 15, soda amangonyambita kunja, mabowo osaoneka. Akachepa kwambiri, Si/Al ya 200 mwachitsanzo, soda amadya mosasankha, ufa wambiri umasungunuka n'kutsala maenje akuluakulu opanda phindu.

Koma ogulitsa salemba Si/Al. Amalemba SiO2/Al2O3, ndipo nambala imeneyo ndi kawiri Si/Al chifukwa mu Al2O3 muli maatomu awiri a aluminiyamu. CBV 8014 ya Zeolyst yalembedwa 80, kutanthauza Si/Al ya 40, pakatikati penipeni pamene tikufuna. CBV 3024E yalembedwa 30, ndiye kuti Si/Al ndi 15 basi. Ine ndinataya mlungu wathunthu pa botolo lolembedwa 30, ndikudabwa kuti bwanji ufa sukuchepa ngakhale pang'ono, mpaka mnzanga wina atatembenuza botolo n'kundilozera chala pa malembo osanena kanthu.

Ngati muli ndi zeolite ya silikoni wochuluka ndipo ina simungaipeze, sakanizani soda ndi tetrapropylammonium hydroxide. Iyeyu amamatirira pamakoma n'kugwira ntchito ya ulonda imene aluminiyamu akanagwira. Mabowo amatuluka aang'onoko, koma ufa supita wambiri.

Chachiwiri: wotchani, ndipo bisani gawo lina

Zeolite ya kusitolo nthawi zambiri imabwera ndi ammonium. Yopanga nokha imakhala ndi template m'timabowo, mamolekyu amene zeolite inaumbika mowazungulira, ndipo template ikatsalamo imatchinga soda. Zonse ziwiri muyambe mwaziwotcha mu ng'anjo pa madigiri 550 kwa maola 5, moto ukukwera madigiri 5 pa mphindi. Yalani ufa mopyapyala m'kambale ka dothi lowotcha. Mukauunjika, madzi otuluka pansi amasanduka nthunzi imene imazula aluminiyamu m'makoma, ndiye muyamba ntchito ndi zeolite ina osati imene munagula.

Ukazizira, tapani magalamu atatu, ikani m'kabotolo kotseka bwino, lembanipo kuti ndi woyambirira. Chilichonse chimene mudzachite ndi ufa woboola kuyambira pa kuyeza kupita mtsogolo, mudzachitenso ndi umenewu. Musaubwereketse.

Chachitatu: mphindi 30 za soda

Muyeso ndi uwu: soda wa 0.2 M, mamililita 30 pa galamu iliyonse ya zeolite, madigiri 65, mphindi 30. Pa magalamu 10 a ufa mufunika mamililita 300, ndipo mmenemo mulowa magalamu 2.4 a NaOH. Gwiritsani ntchito soda wa mulabu, osati wa pamsika wopangira sopo, amene amakhala atayamwa kale madzi ndi mpweya moti kulemera kwake sikunena zoona. Madzi akhale otchezedwa. A pampopi ali ndi calcium ndi magnesium amene akakhale m'malo a asidi. Valani magalasi oteteza maso musanatsegule botolo. Soda wotentha akagwera m'diso amawononga mofulumira kwambiri.

Chotengera chabwino ndi cha pulasitiki wa polypropylene. Galasi nalonso ndi silika, soda amalinyambita, ngakhale kuti pa theka la ola sizikhala zambiri. Ikani chotengeracho m'madzi otentha kapena m'mafuta, chivindikireni kuti madzi asauluke n'kusiya soda wowawa kuposa muyeso, ndipo thermometer ikhale m'kati mwa soda momwemo, osati m'madzi a kunja. Dikirani mpaka ifike pa 65. Ufa uthireni pamenepo, wonse nthawi imodzi, chotakasira chikuzungulira mwamphamvu, ndipo wotchi iyambe nthawi yomweyo. Mukathira ufa m'soda wozizira n'kumatenthetsa limodzi, simudzadziwa kuti unakhalamo mphindi zingati, ndipo mawa simungabwereze zomwezo.

Musayembekeze zodabwitsa. Madziwo amangokhala ngati mkaka wosukuluka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osatuluka thovu, osasintha mtundu. Chiyeso chimene chimabwera ndi chowonjezera mphindi khumi "kuti zipse bwino". Musatero. Pa ZSM-5 ya muyeso uwu mabowo a mananomita pafupifupi 10 amakhala atapangika kale, ndipo mphindi zowonjezera zimangowakulitsa n'kugumula timabowo.

Konzeranitu beseni la madzi oundana. Mphindi 30 zikakwana, tsitsani chotengera mmenemo, kapena thiranimo madzi otchezedwa ozizira kwambiri. Soda sasiya kudya chifukwa choti mwazimitsa moto.

Chachinayi: kusefa, kutsuka ndi sikelo

Ufa woboola umavuta kusefa. Umatseka pepala, kapena umadutsa n'kutuluka ngati madzi a mpunga. Ngati muli ndi centrifuge igwiritseni ntchito. Ngati mulibe, ikani mapepala awiri osalala kwambiri ndipo lezani mtima. Tsukani ndi madzi otchezedwa mpaka otulukawo afike pa pH ya 7 kapena 8. Madzi oyamba aja musawataye m'sinki osawazimitsa ukali, ndipo powathira asidi chitani pang'onopang'ono m'chidebe, chifukwa silika wosungunukayo amatha kuundana ngati phala n'kutseka paipi.

Umitsani usiku wonse mu uvuni pa madigiri 110, kenako yezani kulemera. Sikelo ndiye mboni yanu yoyamba, ndipo ndi yaulere. Pa magalamu 10 muyembekezere kutsala ndi 6 kapena 7. Mukapeza 9.5, soda sanalowe, bwererani kukaona pepala la pabotolo. Mukapeza 3, mwina munapyola muyeso, mwina theka linathawira m'sefa. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: zeolite imayamwa chinyezi cha mumpweya mofulumira, makamaka m'dzinja. Yezani ufa usanalowe m'soda ndi utatuluka mofanana, wongochoka mu uvuni n'kuzizirira mu desiccator, chotengera chotseka chosalola chinyezi, apo ayi mukhala mukuyeza madzi.

Chachisanu: bwezerani asidi

Pano zeolite yanu yadzaza sodiyamu, ndipo zeolite ya sodiyamu ilibe asidi. Koma musanamuchotse, ganizirani za zinyalala. Aluminiyamu amene anazuka limodzi ndi silikoni sapita ndi madzi. Ambiri amabwerera n'kukhala pamakoma a mabowo atsopano, mwina n'kutseka makomo a timabowo. N'chifukwa chake Si/Al imatsika: ya 40 ikhoza kufika cha m'ma 26 ngati gawo limodzi mwa atatu la silikoni lapita. Kutsuka ndi asidi wa HCl wa 0.1 M pa madigiri 65 kwa maola 6 kumachotsa zinyalalazo osakhudza kwambiri makoma. Maganizo anga ndi oti mugawe ufa pawiri, theka mutsuke, theka musiye. Pali ntchito zina zimene aluminiyamu wapakhomayo amathandiza, ndipo simungadziwe musanayese.

Tsopano sungunulani magalamu 8 a ammonium nitrate m'lita imodzi, ndiye 0.1 M. Viikani ufa, takasani maola angapo, sefani, bwerezani katatu ndi madzi atsopano ulendo uliwonse. Katatu ndi katatu. Kamodzi kokha ngakhale mutasiya masiku awiri sikafanana, chifukwa sodiyamu wotulukayo akadali m'madzi momwemo ndipo amabwerera. Ammonium nitrate amavuta kugula m'malo ambiri chifukwa cha malamulo a zophulika. Ammonium chloride amagwira ntchito yomweyo, bola mutsuke mpaka dontho la silver nitrate lisayeretsenso madzi otuluka.

Umitsani, kenako wotchaninso pa 550 kwa maola 5. Ammonia auluka n'kusiya haidirojeni pamalo pake, ndiye asidi amene timafuna. Kukwera kuchoka pa kutentha kwa m'chipinda kufika pa 550 kumatenga mphindi 105, ndiye ng'anjo iyaka pafupifupi maola 7. Kumene magetsi amazimazima, yambani mwaona ndandanda. Akazima pakati si imfa, mukhoza kuyambiranso, koma lembani m'kope kuti zinatero. Tsiku lina zotsatira zikadzasiyana ndi za gulu lina la ufa, mzere umodziwo udzakupulumutsani ku mwezi wa kuganiza.

Chachisanu n'chimodzi: kuyeza, ndi bodza la 3.8

Yambani ndi XRD, kuunika ufa ndi X-ray kuti muone ngati makoma ake akadali m'ndondomeko, chifukwa ndi yachangu. ZSM-5 pa X-ray wochokera ku mkuwa imaonetsa nsonga ziwiri pa chithunzi pafupi ndi ngodya ya madigiri 7.9 ndi 8.8, ndi kagulu kena pakati pa 23 ndi 25. Nsongazo zikhalepo pamalo omwewo. Kufupika pang'ono n'kwachibadwa. Zikasanduka chitunda chofwanthamuka, mwapanga silika wamba wodula.

Chachikulu ndi kuyamwitsa nayitirojeni pa madigiri 196 pansi pa ziro. Ngati labu yanu ilibe makinawa mutumiza kwina, ndipo tumizani zonse limodzi, woyambirira ndi woboola, theka la galamu aliyense, kuti ziyezedwe pa makina amodzi. Pemphani kuti ufa uyambe waumitsidwa pa madigiri 300 mopanda mpweya kwa maola angapo. Pemphaninso manambala onse a isotherm, mzere woonetsa nayitirojeni amene ufa wayamwa pamene mphamvu ya mpweya ikukwera kenako n'kutsikanso, osati chidule chokha cha tsamba loyamba.

Pa chidulecho nambala imene imaoneka poyamba ndi BET, kukula kwa makoma onse kowerengedwa ndi njira ya Brunauer, Emmett ndi Teller ya mu 1938. Isakusokonezeni. Ikhoza kusuntha pang'ono chabe pamene mkati mwasinthiratu. Jambulani isotherm ziwirizo pa pepala limodzi. Ya ufa woyambirira imakwera molunjika kumayambiriro kenako n'kugona. Ya woboola imakweranso kumayambiriro, mwina mocheperako, koma kenako imapitiriza kukwera, ndipo pobwerera imadzera njira ina n'kusiya mpata pakati. Kuchokera pa t-plot, njira yolekanitsa timabowo ndi mabowo ena pa isotherm, tengani manambala awiri. Loyamba ndi malo a mabowo apakati ndi kunja, amene pa ntchito yoyenda bwino amachoka pa masikweya mita 40 kapena 60 pa galamu kufika pa 150 kapena kupitirira 200. Lachiwiri ndi kukula kwa timabowo tonse pamodzi, kumene kumayamba cha pa 0.16 cm³ pa galamu. Kutsika kufika pa 0.12 ndi mtengo wovomerezeka. Kukatsika ndi theka, mwagwetsa mabenchi ochuluka kuposa misewu imene mwapeza.

Tsopano bodza lija. Makina amawerenga kukula kwa mabowo ndi njira ya BJH, ndipo ambiri amangosankha mzere wobwerera. Pa chithunzi pamatuluka nsonga yokongola, yosongoka, pa mananomita 3.8. Wophunzira amasangalala, amalemba kuti wapanga mabowo ofanana onse a 3.8. Si mabowo amenewo. Ndi khalidwe la nayitirojeni wamadzi, amene sangakhalenso wamadzi m'bowo mphamvu ya mpweya ikatsika kufika cha pa 0.42 mpaka 0.45 (pa muyeso wa isotherm wochoka pa 0 kufika pa 1), ndiye yense wotsala amatuluka nthawi imodzi. Groen yemwe uja analemba zochenjeza za msampha umenewu mu 2003, koma mpaka lero anthu akugweramo. Onani mzere wopita. Ngati nsongayo kulibe kumeneko, ndi yabodza.

Komabe bodzali lili ndi uthenga. Mzere wobwerera ukagwa mwadzidzidzi ndiponso kwambiri pa 0.45, ndiye kuti mabowo anu ambiri ali ngati nsupa, mimba yaikulu kukamwa kochepa. Ali m'kati mwa kambewu ndipo khomo lake ndi timabowo tomwe tija. Nayitirojeni amawapeza n'kuwawerenga, koma molekyu yaikulu siidzafikako. Msewu wa phula wamangidwa pakati pa msika koma sunatulukire kunja. Zimenezi zimakonda kuchitika pa timbewu tikulutikulu ta ZSM-5 timene aluminiyamu wake anaunjikana kukhungu: soda amafukula m'kati, khungu n'kutsala ngati chigoba cha dzira. Mukaona mizere iwiri ikuyenda moyandikana n'kukumana mofatsa, mabowo anu ndi otseguka. Kwa ine chizindikiro chimenechi chimaposa nambala iliyonse ya pa chidule.

Chachisanu n'chiwiri: funsani mamolekyu eni ake

Musanaike chitsulo, yesani ufa uwiriwo ndi molekyu yaing'ono komanso yaikulu. Cumene amalowa m'timabowo ta ZSM-5. Mnzake 1,3,5-triisopropylbenzene salowa, amangoswekera kunja ndi m'mabowo apakati. Ngati woboola akuswa wamkuluyo kuposa woyambirira, uku wamng'onoyo akumuswa pafupifupi mofanana, mwapambana. Ngati onse awiri atsika, asidi watayika kapena sodiyamu watsala.

Amene ali ndi makina a TGA, oyeza kulemera kwa chinthu pamene chikutenthedwa, ali ndi njira yachidule. Sakanizani ufa ndi polyethylene wopera, pulasitiki wa majumbo uja, muyeso wofanana pa zitsanzo zonse, n'kutenthetsa mu nayitirojeni madigiri 10 pa mphindi. Pulasitiki payekha amasweka kupitirira madigiri 400. Unyolo wake sungalowe m'timabowo, choncho ufa wa mabowo otseguka umamuswa pa moto wocheperapo kusiyana ndi woyambirira. Ola limodzi mwapeza yankho.

Chachisanu n'chitatu: kuika chitsulo

Titenge nickel wokwana 5 pa 100. Njira yake ndi yothira madzi ongokwana kudzaza mabowo, osatsala ena oyandama. Yambani mwayeza kuti ufa wanu umamwa madzi ochuluka bwanji. Tengani galamu imodzi youma, donthezani madzi kuchokera mu burette, dontho limodzi limodzi, mukusakaniza ndi kandodo ka galasi. Poyamba madontho amangosowa. Kenako ufa umayamba kugwirana timibulu. Imani pamene wafanana ndi mchenga womangira umene ukaufumbata umagwirana koma osadontha, pamwamba pakungoyamba kunyezimira. Tinene kuti mwapeza mamililita 0.8. Yezaninso pa ufa woyambirira, chifukwa nambala yake idzakhala ina.

Pa magalamu 2 a ufa mufunika nickel wa magalamu 0.105, poti 5 pa 100 amawerengedwa pa kulemera kwa zonse, ufa ndi chitsulo pamodzi. Mu nickel nitrate wa madzi asanu ndi limodzi, chitsulo chenicheni ndi gawo limodzi mwa asanu, ndiye muyeza magalamu 0.52 a mcherewo. Usungunuleni n'kuwonjezera madzi mpaka zonse pamodzi zikwane mamililita 1.6, osati kuthira mchere m'madzi a 1.6. Donthezani pa ufa mukusakaniza mpaka wonse ukhale wobiriwira mofanana, popanda madontho akuda bii pena, poyera pena. Mchere wa nickel umayabwitsa khungu ndipo fumbi lake limayambitsa khansa. Magolovesi ndi fume hood si zokongoletsa.

Poumitsa m'pamene ntchito yabwino imawonongekera. Mukaponya mu uvuni wotentha nthawi yomweyo, madzi amathamangira kunja atanyamula mchere, ndipo nickel amaunjikana pakhungu m'malo mokhala m'mabowo amene mwavutikira. Vindikirani maola angapo m'chipinda kuti mchere ulowerere, kenako madigiri 60, kenako 110. Wotchani mu mpweya woyenda pa madigiri 450 mpaka 500, moto ukukwera madigiri 2 pa mphindi. Utsi wofiirira wotuluka ndi NO2, ndi poizoni, ng'anjo ipumire panja. Ufa uchoka pa kubiriwira n'kukhala wotuwa, ndiye nickel oxide.

XRD ikuuzaninso kanthu apa. Nickel oxide amaonekera pafupi ndi madigiri 37 ndi 43. Nsonga zikakhala zazitali zosongoka, timibulu take ndi tatikulu. Zikakhala zofupika zotambalala, chitsulo chamwazika bwino. Yerekezani ndi ufa woyambirira woikidwa nickel wofanana, ndipo nthawi zambiri mudzaona phindu la mabowo apakati ndi maso anu.

Kusandutsa oxide kukhala chitsulo kumafuna haidirojeni pa madigiri pafupifupi 500. Gwiritsani ntchito wosakanizidwa ndi argon kapena nayitirojeni, ndipo chitani zimenezi m'paipi momwe catalyst igwirire ntchito. Nickel wongotuluka mu haidirojeni akakumana ndi mpweya amatha kuyaka yekha. Ngati n'kofunika kumutulutsa, yambani mwamuziziritsa n'kumupitsira mpweya wa okosijeni 1 pa 100.

Chomaliza: mabowo aakulu

Mpaka pano tili ndi mitundu iwiri. Wachitatu umabwera poumba. Ufa wosalala sungaikidwe m'paipi, umatseka njira ndipo mpweya sudutsa. Mulabu timaupanikiza kukhala kachimbale, n'kukaphwanya, n'kusefa timibulu ta pakati pa ma micrometre 250 ndi 500. Mipata ya pakati pa timbewu m'kati mwa kambulu ndiyo mabowo aakulu. Panikizani mongokwana kuti kachimbale kagwirane. Mukakanikiza mpaka kumapeto kwa mphamvu ya makina mutseka mipatayo, ndipo ufa woboola ndi wofooka kuposa woyambirira.

Ku mafakitale amasakaniza zeolite ndi chomatira monga alumina kapena dothi la kaolin n'kutulutsa tizingwe ngati spaghetti wodulidwa. Catalyst imene imaswa mafuta olemera m'malo oyengera petulo inamangidwa motero: zeolite Y ya timabowo ta nanomita 0.74, yobooledwa ndi nthunzi kuti ikhale ndi mabowo apakati, yomatidwa m'kambulu ka dothi ndi alumina ka ma micrometre pafupifupi 70. Mukayesa chomatira, gawo limodzi mwa anayi kapena asanu ndi poyambira pabwino, ndipo muyezenso asidi pambuyo pake chifukwa alumina amasinthana maatomu ndi zeolite pa moto. Nayitirojeni saona bwino mabowo aakulu. Amene amawayeza ndi makina okankhira mercury, ndipo ufa wolowa mmenemo subwereranso, ndiye tumizani wochepa.

Catalyst ikagwira ntchito n'kuda, musaitaye musanaiyeze mwaye. Iwotcheni mu TGA ndi mpweya muone kulemera kumene kwachoka. Musadabwe kupeza kuti yoboola ili ndi mwaye wochuluka kuposa yoyambirira koma inakhalitsa pa ntchito. Mwayewo unagona m'misewu ikuluikulu, makomo a timabowo ali otseguka. Yotsalayo iwotcheni pa 550, moto ukukwera pang'onopang'ono poti mwaye ukamapsa umawonjezera kutentha kwakekwake, kenako tumizani theka la galamu ku nayitirojeni pamodzi ndi kabotolo kaja munabisa tsiku loyamba.